Mowa m'supamaketi: ugulitsidwe, koma pakhomo lakelake

Makolo akakumana pasukulu n'kuyamba kudandaula za ana oledzera, sipalephera kupezeka wina woimirira n'kunena kuti boma liletse masitolo akuluakulu kugulitsa mowa. Anthu amaomba m'manja, mlembi amalemba, msonkhano umatha. Koma aliyense wodziwa mmene mowa umayendera pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe akudziwa kuti mnyamata wa Fomu 2 salowa m'supamaketi kukasankha botolo la vinyo. Ndalama yake alibe, ndipo m'menemo muli maso ambiri: mlonda pakhomo, makamera, mwinanso aphunzitsi ake ali pamzere womwewo akugula sopo. Iye amapita kuseri kwa msika, paokala yogulitsa maswiti ndi mayunitsi, kapena kwa mayi wotcheza kachasu, kumene kulibe womufunsa zaka.

Sikuti supamaketi ilibe mlandu. Ili nawo, kungoti si umene anthu amaloza. Ine ndikuti masitolo amenewa apitirize kugulitsa mowa, chifukwa ndi okhawo amene lamulo lingawagwire mosavuta: ali ndi laisensi yoti ikhoza kulandidwa, ali ndi makina olemba chilichonse chogulidwa, ali ndi mbiri yoti aiteteze. Koma mowawo uchoke pakati pa shuga ndi buledi. Ukhale ndi khomo lakelake, polipirira pakepake, ndi munthu wophunzitsidwa kukana. Ndipo mitundu ina ya mowa isapezekemo n'komwe.

Tikamakangana za nkhaniyi timangoti "mowa", ngati kuti Chibuku, Green ndi jini n'zofanana. Choledzeretsa n'chimodzidi, koma kuchuluka kwake n'kosiyana kwambiri, ndipo kawerengedwe kake n'kosavuta. Tengani mamililita a m'botolo, muchulukitse ndi peresenti yolembedwa pabotolopo, mugawe ndi 100, kenako muchulukitse ndi 0.8. Zimene mwapezazo ndi magalamu a mowa weniweni. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu 13. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa waukali wa 40 peresenti kali ndi magalamu 64. Ndiye kuti kabotolo kolowa m'thumba la kabudula wa yunifolomu kakufanana ndi mabotolo asanu a mowa wamba. Botolo lalikulu la mamililita 750 lili ndi magalamu 240, omwe ndi mabotolo 18, pafupifupi kireti yathunthu.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa magalamu apakati pa 7 ndi 10 pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa, kaya khofi, kaya kusamba, kaya kuthamanga. Mabotolo asanu a mowa wamba ndi madzi oposa lita imodzi ndi theka. Mimba imadzaza, munthu amapumira, amapita kukakodza, maola amadutsa. Kabotolo kaja mwana amakagugudiza m'mphindi zisanu ali kuseri kwa chimbudzi, mofulumira kuti asagwidwe, ndipo nthawi zambiri asanadye kanthu. Mimba ikakhala yopanda chakudya mowa umathamangira m'matumbo aang'ono, momwe umalowa m'magazi msanga. Thupi la mwana wa makilogalamu 45 lili ndi madzi ochepa osungunula mowawo kusiyana ndi la bambo wa makilogalamu 75, ndipo la mtsikana lili ndi ochepa kuposa la mnyamata wolemera chimodzimodzi. Mowa umalepheretsanso chiwindi kutulutsa shuga, choncho mwana wanjala amatha kukomoka chifukwa shuga watsika m'magazi, anthu n'kumaganiza kuti ndi tulo. Ubongo nawo umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo mbali yakutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa, ndi imene imamaliza. Ofufuza m'maiko osiyanasiyana amapeza chinthu chimodzi: woyamba kumwa asanakwane zaka 15 ali pachiopsezo chachikulu chodzakhala chidakwa kuposa amene wadikira.

Apa ndipatuke pang'ono, popeza ambiri amalakwitsa. Mwana akapezeka ali thapsa, musamutsekere m'chipinda kuti agone zimuthere. Mowa umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi iye ali mtulo. Mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba mutalipinda, nkhope itapendekera pansi kuti masanzi azituluka m'malo mobwerera kukhosi. Musamuthire madzi ozizira, chifukwa mowa umatsitsa kale kutentha kwa thupi, ndipo usiku wa mu Juni kuno m'tsinde mwa phiri la Mulanje si wamasewera. Musamumwetse tiyi mokakamiza, angatsamwe. Ngati sakudzuka mukamutsina, ngati akupuma kosakwana ka 8 pa mphindi, ngati milomo yasintha mtundu kapena akugwa ngati wakhunyu, pezani galimoto mupite naye kuchipatala, kaya cha boma pa Mulanje kapena pa Thyolo, kaya cha Mulanje Mission, kaya cha Malamulo ku Makwasa. Tengani botolo limene wamwalo. Kukalipa mudzachita mawa.

Mtengo ndi kukula kwa botolo

Mwana sagula mowa umene amaukonda, amagula umene ndalama yake yakwana: chenji cha kuchigayo, ndalama ya mandasi, kapena kamene wapeza pogulitsa nanazi ndi mapeyala pamsewu. N'chifukwa chake masacheti anasakaza ana kwambiri. Sunali mowa wachilendo ayi, unali waukali womwe uja, koma wogawidwa m'tizigawo toti aliyense akwanitse, tosalira m'thumba, totayika mosavuta. Zambia inaletsa masacheti ake otchedwa tujilijili mu 2012, ife tinaletsa athu mu 2015, Tanzania inaletsa ake otchedwa viroba mu 2017. Kuno makampani ena anathamangira kukhoti, nkhani inakoka, koma pomaliza masacheti anachoka pamsika. Chinatsatira nonse mukuchidziwa. Mowa womwewo unabwerera m'timabotolo timene achinyamata amati midoli, ndi m'zigubu za malita asanu zimene wogulitsa amapimira kasitomala ndi kachivindikiro. Tinaletsa chokutira, mtengo tinausiya.

Scotland inagwira pamtengopo. Kuyambira mu Meyi 2018 lamulo lawo limaletsa kugulitsa mowa pamtengo wochepera 50 pence (theka la paundi, ndalama ya ku Britain) pa magalamu 8 alionse a mowa weniweni, ndipo mu 2024 anakweza kufika 65 pence. Vinyo wodula sakhudzidwa chifukwa mtengo wake uli kale pamwamba. Umene umakhudzidwa ndi mowa waukali wotchipa, womwe ana ndi zidakwa amathamangira. Lamulo lotere lingavute kumidzi kuno, koma m'supamaketi n'losavuta, chifukwa mitengo ili kale m'kompyuta. Ngakhale lamulolo lisanabwere, ndikanakonda laisensi ya supamaketi ikanamalembedwa poyera kuti mowa waukali sugulitsidwa m'timabotolo, koma m'botolo lalikulu lokha. Bambo wogula jini wa Khirisimasi sataya kanthu. Wotaya ndi amene amabwera ndi ndalama ya mandasi. Zotsatsa za mtundu wa "gulani awiri, lachitatu ndi laulere" zisakhudze mowa.

Chitupa

Lamulo la mowa, Liquor Act ya 1979, limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. M'chaka chomwecho boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Kale wogulitsa ankatha kuzemba ponena kuti zaka sizilembedwa pachipumi. Chiyambire kalembera wa bungwe la NRB mu 2017, chonamizira chimenecho chinatha. Koma pali msampha umene ogulitsa ambiri amakodwamo: chitupa cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16. Kukhala nacho si umboni woti munthu wakwana zaka zogula mowa. Mnyamata wa zaka 17 amachitulutsa molimba mtima, wolandira ndalama amangoona kuti n'chenicheni n'kugwedeza mutu, botolo lapita.

Chitupa chichoke m'chikwama chifike m'manja mwa wogulitsa, osati kuchionera patali kapena pachithunzi cha pafoni. Ayang'ane nkhope, kenako tsiku lobadwa lonse, osati chaka chokha. Wobadwa pa 20 Novembala 2008 akukwana zaka 18 pa 20 Novembala 2026, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho akadali mwana. Pamzere wautali wa kumapeto kwa mwezi palibe amene angamachite masamu m'mutu, choncho m'mawa uliwonse woyang'anira sitolo alembe pakapepala deti la tsikulo, chaka chake atachotsera 18, n'kukamata polipirira. Wobadwa pambuyo pa deti limenelo sagula. Ku Britain masitolo ambiri amafunsa chitupa aliyense wooneka wosakwana zaka 25, ndipo ku Scotland limeneli ndi lamulo. Chifukwa chake n'chomveka. Diso limalephera kusiyanitsa wa zaka 17 ndi wa 19, makamaka mnyamata amene thupi lakhwima ndi kupalasa kabaza kapena mtsikana amene wabereka mwana kumbuyo, koma wa 17 ndi wa 25 limasiyanitsa. Komanso aliyense akamafunsidwa, palibe amene amamva kuti wanyozedwa.

Chimene chimagwetsa dongosolo lonseli ndi mantha a wogulitsa. Mtsikana wolembedwa ntchito mwezi watha sangakanize mwana wa bwana wodziwika pa boma ngati akudziwa kuti mawa aitanidwa mu ofesi. Kukana kukhale kwa sitolo, osati kwa iye. Makina ambiri olipirira angathe kukonzedwa kuti akangowerenga botolo la mowa aime, osapitirira mpaka wina atalowetsa tsiku lobadwa. Pamenepo mawu ake amafewa: "Pepani achimwene, makinawa sakulola popanda chitupa." Pakhalenso kabuku kolembamo nthawi iliyonse munthu wakanizidwa: tsiku, nthawi, mowa umene amafuna, popanda dzina. Kabuku koyera mwezi wathunthu sikakutanthauza kuti ana sakubwera. Kakutanthauza kuti palibe akufunsa.

Tsopano tifike pamene akuluakulu timabisala tonse, pa kutuma mwana. "Iwe, thamanga ukanditengere ziwiri zozizira, ukawauze kuti ndine." Mwana wokana kutumidwa timamutcha wamwano, ndipo wogulitsa amawadziwa bambowo, amapemphera nawo, mwina ndi alamu ake. Botolo limaperekedwa. Paulendo umodzi wokhawo mwana waphunzira dzina la mowa, mtengo wake, wogulitsa wosafunsa, ndi mawu otsegulira khomo: "Andituma adadi." Sabata yamawa mawu ndi omwewo, koma adadi ali kuesiteti, sakudziwa kanthu. Palibe wogulitsa amene angasiyanitse ulendo woyamba ndi wachiwiri. Yankho liyenera kukhala limodzi kwa aliyense: "Ukawauze abwere okha." Kalata ayi, kuimbirana foni ayi. Bambo amakwiya tsiku limodzi, kenako amazolowera kudzukira yekha.

Njira ina ndi yosemphana ndi imeneyi, pamene ana ndiwo amatuma wamkulu. Amasonkherana, n'kupatsa wakabaza kapena mnzawo amene anamaliza Fomu 4 chaka chatha. Chitupa chake n'cholondola, zaka zake n'zokwana. Izi siziwonekera polipirira, zimaonekera panja: kagulu ka ana kaima chapatali n'kumasuzumira, wogula akulipira ndi ndalama zing'onozing'ono zopindikapindika, ndipo wabwerera kachiwiri pasanathe mphindi khumi. Mlonda wa pakhomo ndiye ali ndi maso oona zimenezi, koma m'masitolo ambiri ntchito yake imathera pa kuyang'ana malisiti. Ku England kugulira mwana mowa m'njira imeneyi ndi mlandu pawokha.

Ngalande yaikulu kwenikweni ndi ya makatoni. Masitolo aakulu a m'maboma ndi opikulitsanso. Mwini okala wa ku Nkando, ku Thunga kapena kwa Goliati amabwera ndi njinga, n'kupikula makatoni awiri a mowa waukali pamodzi ndi sopo, mchere ndi machesi. Palibe womufunsa ngati ali ndi laisensi ya mowa. Dzuwa lisanalowe makatoniwo ali pansi pa kauntala, pafupi ndi njira imene ana amadutsa pochokera kusukulu, ndipo botolo lalikulu likugulitsidwa m'matoti. Umu ndi mmene supamaketi imafikira mwana amene sanapondemo chibadwire. Kuletsa mowa pashelefu n'kusiya khomo la makatoni ndiko kumata chidebe pamene sipakudontha.

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Wogula mowa waukali kuyambira katoni imodzi aonetse laisensi ya khonsolo, ndipo nambala yake ilembedwe pa lisiti ndi m'kaundula wa sitolo. Wina afunsa za ukwati, chinkhoswe kapena kumanga chiliza. Amenewo aonetse chitupa, chilembedwe, agule. Ukwati suchitika sabata iliyonse, ndiye amene akubwera ndi nkhani ya ukwati Lachisanu lililonse kaundula amuulula yekha. Kuyambira mu 2024 mowa wovomerezeka umamatidwa sitampa ya msonkho ya MRA yotchedwa Kalondola. Cholinga chake ndi msonkho, koma imathandizanso mfumu, mphunzitsi kapena wapolisi amene wapeza botolo m'chikwama cha mwana kudziwa ngati linadutsa njira yovomerezeka kapena linazembetsedwa.

Amene akufuna chiletso chathunthu

Amenewa ali ndi umboni wawo, ndipo si wopepuka. Mu 1969 Finland inalola magolosale kugulitsa mowa wamba, ndipo m'chaka chimodzi chokha kamwedwe ka dziko lonse kanakwera ndi pafupifupi theka. Tisabise kuti lamulo lomwelo linatsitsanso zaka zogulira mowa ndipo linatsegula malo ogulitsira kumidzi, ndiye si magolosale okha amene anachititsa. Sweden inalola mowa wa 4.5 peresenti m'magolosale mu 1965, n'kuuchotsamo mu 1977 itaona mmene achinyamata ankamwera, ndipo atauchotsa achinyamata ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha mowa anachepa. Mpaka lero mowa woposa 3.5 peresenti kumeneko umagulidwa m'masitolo a boma otchedwa Systembolaget, ndipo wogula akhale wa zaka 20. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'ndondomeko yake ya SAFER ya 2018, linaika kuchepetsa kapezekedwe ka mowa pamfundo yoyamba. Palibe chotsutsa apa: malo ogulitsira akachuluka, ndi maola akatalika, anthu amamwa kwambiri, ana omwe.

Koma ku Sweden ukatseka golosale wogula amapita kusitolo ya boma, kumene amakafunsidwa chitupa. Kuno ukatseka supamaketi amapita kuti? Kachasu ali m'midzi, wopanda peresenti yolembedwa, wamutu waukali kuposa wotsatira, velemoti ya lero yosiyana ndi ya dzulo. Muloza ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa boma la Mulanje, Milange ali kutsidya, ndipo katundu sawoloka pachipata chokha. Mu 2024 anthu anamwalira ku Blantyre atamwa mowa wosadziwika bwino kapangidwe kake umene unkatchedwa Ambuye Ntengeni. Choopsa chachikulu pa mowa wopanda mwini ndi chakuti ena amausakaniza ndi sipiriti wa m'mafakitale wokhala ndi poizoni wotchedwa methanol. Sanunkha mosiyana, sakoma mosiyana. Masipuni awiri a tiyi, mamililita 10, angathe kuchititsa munthu khungu, ndipo mamililita 30 angathe kupha. Zizindikiro zimachedwa maola 12 mpaka 24: mutu, m'mimba, kupuma mothamanga, maso kuchita chifunga. Anthu amati ndi matsire, mpaka nthawi yothandiza itadutsa. Chiletso chimene chikuthamangitsira anthu kumeneko ine sindingachiombere m'manja.

Njira yapakati ili pafupi, ndipo amene anapitako ku Joni anaiona. Ku South Africa supamaketi imaloledwa vinyo yekha m'kati mwake. Mowa wamba ndi waukali umagulitsidwa m'sitolo ina yokhala ndi khomo lake, ngakhale mwini ali yemweyo ndipo khoma ndi limodzi. Ireland inachita zocheperapo: kuyambira mu Novembala 2020 mowa m'supamaketi uyenera kupatulidwa, mwachitsanzo kuseri kwa chotchinga chotalika mita 1.2, kuti usaonekere kwa aliyense wodutsa. Khomo lapadera limachita zinthu zimene chikwangwani cha "osakwana zaka 18 saloledwa" sichingachite. Mwana alibe chonamizira cholowera, chifukwa mulibe buledi. Wogulitsa ndi mmodzi kapena awiri, osati khumi osinthanasinthana, ndiye kuwaphunzitsa n'kosavuta, ndipo zikalakwika wolakwa amadziwika. Botolo silibisala pakati pa mpunga ndi mafuta ophikira m'basiketi yodzaza. Khomolo lingathenso kutsegulidwa mochedwa ndi kutsekedwa msanga, sitolo yaikulu ikugwirabe ntchito.

Masitolo a pa Chitakale kapena pa Luchenza si aakulu ngati a ku Blantyre, ndipo ena alibe malo omangira chipinda china. Amenewo mowa ukhale kuseri kwa kauntala, m'kabati yotseka, wogula azichita kupempha. Chimene sichiyenera kunyengereredwa ndi firiji. Mowa wotsekemera wa zipatso umakhala ndi 4.5 mpaka 6 peresenti, kufanana kapena kuposa mowa wamba, koma suwawa, ndipo botolo lake n'lokongola. Kuwawa ndi kumene kumabweza mwana woyesa koyamba. Ukauika mowa wotere m'firiji imodzi ndi Fanta ndi Sobo, wamuuza mwana kuti zonsezi n'zakumwa basi. Firiji ikhale ina, kutali ndi maswiti, kutali ndi polipirira pa aliyense. Wovala yunifolomu ya sukulu asagulitsidwe ngakhale chitupa chikusonyeza zaka 19. Alipo ambiri a Fomu 4 a msinkhu umenewo, ndipo ndi amene amatumidwa ndi a Fomu 1, makamaka kumene ana amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu popanda wamkulu wowayang'anira.

Dongosolo limagwa pamasiku odziwika. Tsiku la malipiro m'maesiteti, makamaka nyengo yamvula pamene tiyi akuthyoledwa kwambiri ndipo ndalama zili m'manja mwa anthu ambiri. Sabata ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde mu Okutobala. Tsiku limene a Fomu 4 alemba pepala lomaliza la MSCE. Masiku amenewa mzere umatalika, akumbuyo amakuwa kuti achite changu, ndipo choyamba kudumphidwa ndi chitupa. Sitolo imadziwiratu masikuwa, popeza imaitanitsa katundu wochuluka. Iikenso munthu wachiwiri pakhomo la mowa woona zitupa anthu asanafike polipirira.

Zonsezi zimathera pakhonsolo, chifukwa ndi imene imapereka laisensi. Vuto lake n'lakuti laisensi ndi ndalama za khonsolo yomweyo, ndiye kuilanda n'kudzichotsera ndalama yokha. Pachifukwa chimenechi kuyendera masitolo kusasiyidwe kwa wotolera msonkho yekha. Pakhale apolisi, ofesi yoona za chisamaliro cha ana, ndi nthumwi ya makolo. Kuyendera kolengezedwa n'kopanda phindu, popeza tsikulo aliyense amafunsa chitupa. Chimene chimaulula zoona ndi kugula koyesa. Sankhani wachinyamata wa zaka 18 kapena 19 wooneka wamng'ono, kuti pasakhale mwana weniweni wotumidwa kukagula mowa. Avale wamba, asadzikongoletse kuti aoneke wamkulu, asaname akafunsidwa zaka, ndipo chitupa achisiye kwa amene ali panja. Alowe yekha, apemphe botolo limodzi. Akafunsidwa chitupa anene kuti alibe. Akagulitsidwa atuluke ndi botolo ndi lisiti, apereke kwa mboni ziwiri zimene zikumudikira.

Sitolo yolephera koyamba ilandire kalata, iyesedwenso pasanathe mwezi. Ikalephera kachiwiri khomo la mowa litsekedwe kwa sabata, ndipo sabatayo ikhale ya malipiro, osati yapakati pa mwezi pamene kulibe ogula. Kachitatu laisensi ya mowa ilandidwe, sitolo ipitirize kugulitsa shuga. Chindapusa chokha sichiluma sitolo yaikulu, chimangolowa m'mtengo wa katundu. Kuyesaku kuchitike kosachepera kawiri pa teremu, pamasiku osiyanasiyana, ndipo kufike m'mabotolositolo ndi m'maokala momwe, apo ayi eni masupamaketi adzadandaula moona kuti akusankhidwa okha. Zotsatira zimatidwe pabolodi ya khonsolo ndi kuwerengedwa pamsonkhano wa makolo. Lisiti la kugula koyesa lisungidwe pamodzi ndi botololo, lili ndi tsiku, nthawi ndi nambala ya wogulitsa, kuti sitolo isadzanene kuti linagulidwa kwina.